Tsiku limene msoti unayenda

Ine si munthu wokonda kuyankhula, ndipo amene amandidziwa angakuuzeni kuti ngakhale pamsonkhano wa mpingo ndimakhala kumbuyo. Koma nkhani iyi ndaisunga zaka zambiri, ndipo ndaona kuti ndibwino ndiilembe. Si nthano ayi, komanso sindinachite kuimva kwa munthu. Ndinaiona ndi maso angawa, fungo lake ndinalimva ndi mphuno yangayi, ndipo mwini nkhaniyi ali moyo, ndi mayi a kunyumba kwanga, amene andilola kulemba bola ndisatchule dzina la munthu kapena la mudzi.

Kwathu ndi ku Mpingu, koma ndinakwatira cha ku Nsaru, ndipo monga mwa mwambo ndinakakhala chikamwini kumudzi kwa mkazi. Munda umene timalima ndi wakuchikazi, ana nawonso ndi akuchikazi. Mwini mbumba anali mlongo wake wamkulu wa mkazi wanga, alamu anga, munthu wakhama pantchito komanso wanthabwala, amene ankakonda kunditchula kuti a Fomu Folo chifukwa pamudzipo ndinali ndekha amene ndinamaliza sekondale. Tinkagwirizana ndithu, ng'ombe zawo ndi zimene zinkatikokera ngolo.

Chaka chimenecho, nyengo yothyola fodya, tinkatuta masamba kuchokera kumunda kupita kuchigafa. Mayi a kunyumba ankayenda m'mbali mwa ngolo, ndipo titafika pakachigwembe ng'ombe imodzi inadzidzimuka, tayala linaterereka, ngolo inapendama ndi kuwagwera pamwendo wamanzere. Fupa la pamsongolo linathyoka pakati. Tinathamangira nawo kuchipatala, anawaika chikhakha, tinabwerera kunyumba kukadikira. Fodya tinasoka, tinasankha, tinamanga mabelo mpaka kugulitsa, iwo ali chikhalire pakhonde. Atachotsa chikhakhacho anapeza kuti fupa silinalumikizane, mwendo unkagwedezeka pakati ngati pamera bondo lachiwiri. Anaika chikhakha china. Nyengo yofesa nazale inafika zinthu zili chimodzimodzi, ndipo anatitumiza kuchipatala chachikulu cha m'tauni.

Dokotala wa mafupa amene tinamupeza kumeneko anali mnyamata pomuona, koma wofatsa. Anayang'ana chithunzi cha fupalo nthawi yaitali, kenaka anatifunsa ngati timalima fodya. Titavomera anati ndiye mumva msanga. Anati fupa si mtengo wouma, ndi chinthu chamoyo. M'kati mwake muli mafuta aja timayamwa tikamadya fupa la ng'ombe, ndipo m'mafutamo muli timaselo tosaoneka ndi maso timene sitinasankhe ntchito. Fupa likathyoka timeneti timapita pothyokapo ndi kusanduka fupa latsopano. Anati munthu amakhala nato mpaka kukalamba, kungoti timanka nitichepa, ndipo pamwendo wa mayiwa magazi sakufika bwino, choncho omangawo ndi ochepa. Chimene ankafuna kuchita ndi kubaya singano yaikulu pafupa la m'chiuno, pamene mafutawo ali ochuluka, kutapako pang'ono, ndi kukathira pothyokapo. Anati n'chimodzimodzi kupakiza, umatenga mbande ku nazale yako yomwe ndi kukabzala paphando limene lafa. Mayi a kunyumba anafunsa ngati m'chiunomo simudzatsala mphako, iye anaseka nati mayi, kodi chitsime chimauma chifukwa mwatungamo ndowa imodzi? Anatiuza kuti tipite kunyumba, tidzabwere tsiku limene anatipatsa.

Tsoka lake, inali nthawi ija mphekesera za anamapopa zinafika kuno kwathu. Amene munalipo mukukumbukira mmene zinthu zinalili, galimoto yachilendo ikangoima pamsika anyamata ankatola miyala, ndipo ngakhale alangizi a zaumoyo ankaopa kulowa m'midzi ina. Ine ndinachita zimene mkamwini aliyense amachita, ndinapita kukafotokozera mwini mbumba zimene tinamva kuchipatala. Ndinafotokoza mwadongosolo, za nazale zomwe. Alamu anayamba ndi kuseka, nati a Fomu Folo, inu munthu akakuuzani m'Chingerezi kuti tikuphani, mumavula chipewa n'kunena kuti zikomo kwambiri. Kenaka anasiya kuseka. Anati magazi tinazolowera kumva kuti amapopa, tsopano afika pamafuta a m'mafupa, ndipo munthu akamuchotsa zimenezo amauma pang'onopang'ono ngati phesi. Anati mkamwini ndi mlamba, amaterereka, mlongo wangayu akafa inu mumanga kachikwama kanu kubwerera ku Mpingu, chaka chamawa tidzamva kuti mwakwatira, koma manda ndi ana zitsala ndi ine. Sanakweze mawu, ndipo ndinaona kuti munthuyo akuopadi, sakunena mwanjiru.

Ndinkayembekeza kuti mwini mwendo aikira kumbuyo zakuchipatala, koma madzulo ake anandiuza kuti bambo, singano ija sikundichoka m'mutu, tiyese kaye za achimwene, zikakanika tipita. Kodi pamenepo mukanakhala inu mukanatani? Mwendo ndi wake, mlongo ndi wake, mudzi ndi wawo.

Alamu ankadziwa sing'anga wina wa mafupa cha ku Nambuma, amene mbiri yake inali yoti analumikiza anthu ambiri, oyendetsa ngolo, ogwa mumtengo, osewera mpira. Tinapita pangolo, ndipo anatiuziratu kuti titenge nkhuku ya pakhomo pa wodwalayo. Tinatenga msoti wofiira umene unali usanayambe kuikira. Pakhomo pa sing'angayo panali posesa bwino, ndipo kuseri kunali timanyumba ta odwala. Chimene chinandichititsa mantha n'chakuti pakhomo la kanyumba kalikonse panali nkhuku yomangidwa chingwe, mwendo umodzi uli wokulungidwa ndi timitengo. Zinali zitangogona, osalira, zikutiyang'ana.

Sing'angayo anali bambo wamkulu, woyankhula motsitsa, wovala jekete laukhondo. Anadula chikhakha ndi mpeni, anagwira mwendowo nati mafupawa agona, afunika kuwadzutsa. Anaitana amuna kuti agwire wodwala, ndipo anayamba kukhuza nsonga za mafupawo, ina pa inzake, m'kati mwa mnofu. Kulira kumene analira mkazi wanga tsiku limenelo sindikufuna kukufotokoza. Atatha anatema mphini zakuya pothyokapo, anapakamo mankhwala akuda, anaika timitengo ta nsungwi kuzungulira mwendo wonse ndi kumanga zolimba ndi nsanza komanso luzi. Kenaka anatenga msoti uja, anagwira mwendo wake wamanzere ndi zala, kuti thyo. Anautemera mankhwala omwewo ndi kuumanga chimodzimodzi.

Malamulo anatipatsa anali awa. Mwendo wa munthu usamasulidwe mpaka nkhuku itayenda. Tsiku limene nkhuku iponde pansi, wodwalanso aponde dzuwa lisanalowe, akapanda kutero kulumala kukhazikika mpaka kalekale. Mwamuna adzisunge, asayende ndi mkazi wina. Za nkhuku ikafa anangoti muisamale, ndipo tonse tinamva chimene sananene.

Kunyumba msoti uja tinauika m'dengu pafupi ndi mphasa ya wodwala, ndipo sindinaonepo nkhuku yosamalidwa chotero. Unkadya nsinjiro, gaga, ngakhale ngumbi mvula yoyamba itagwa. Agalu onse a pamudzi anawamanga. Anthu obwera kudzazonda ankayamba asuzumira m'dengu, kenaka n'kumufunsa munthu kuti mwadzuka bwanji. Masiku oyamba mayi a kunyumba ankachita nazo nthabwala, ankautchula msotiwo kuti mkazi mnzanga, ndipo ndikalowa m'nyumba ankati bambo, yambani mwalonjera aang'onowo, asakwiye, ndi amene asunga mwendo wanga.

Nthabwalazo sizinakhalitse. Zala zakuphazi zinatupa, kenaka zinasintha mtundu. Thupi linayamba kutentha, chakudya anasiya, ndipo m'nyumba munabwera fungo limene poyamba tinkanamizira khoswe wofera kudenga. Ntchentche zinkadziwa kumene likuchokera. Tsiku lina masana anandigwira dzanja nati bambo, muli chinthu chikuyenda m'katimu. Ndinakaitana alamu. Atalowa nkhope yawo inasintha, ndinaiona ndithu, koma anati sing'anga ananeneratu kuti magazi oipa adzatuluka, tikamasula tiononga zonse ndipo ululu uja adzakhala kuti anaumva pachabe. Ndinapempha kuti tikhwefule luzi pang'ono chabe kuti tione. Anakana, ndipo kuyambira tsiku limenelo amayi a pambumbapo ankasinthana kukhala pakhomo pathu, ati kudzathandiza odwala.

Ndinapalasa njinga kupita kwa sing'anga uja ndekha. Ndinamufotokozera za kutupa, za kutentha thupi, za fungo. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anafunsa funso limodzi lokha, kuti nanga nkhuku ili bwanji? Ndinati ikudya bwino. Anati ndiye bwererani bambo, wodwala wanu ali bwino. Panjira pobwerera ndinaganiza zambiri, ngakhale zopotokola khosi la msotiwo kuti zonse zithe, koma ndinadziwa kuti anthu akanati ndapha mkazi wanga ndi manja anga, ndipo iye mwini, mmene analili, mantha okhawo akanatha kumumaliza.

Tsiku lake linafika m'mawa wina mvula itagwa, tikukonzeka kupita kukawokera fodya. Msoti unadumpha m'dengu, unaima, unajompha timitengo take, ndipo unatuluka panja ukutsimphina pang'ono. Utafika pabwalo unayamba kupalasa ndi mwendo womwe uja. Mudzi wonse unasiya ulendo wakumunda. Anthu ankagwirana chanza, alamu anandimenya paphewa nati mwaona a Fomu Folo, izi m'mabuku mwanu mulibe, ndipo anakwera njinga kukatenga sing'anga.

Anafika dzuwa litapendeka. Wodwala tinamutulutsa pamphasa ndi kumuika pansi pa mtengo wa mango. Thupi linali lotentha ngati mbale ya pamoto, milomo itauma, maso atalowa. Ndinauza alamu kuti munthuyu sangaime, taonani. Anati dzuwa likupita. Iwo anagwira mbali ina, ine ndinagwira mbali ina, chifukwa sindikanalola kuti agwire wina, ndipo tinamuimiritsa. Sing'anga anaika msoti patsogolo pake nati mayi, tsatirani mnzanuyo. Mkazi wanga anandiyang'ana, kenaka anatsitsa phazi lija pansi. Sing'anga anati musiyeni. Alamu anasiya.

Mwendo unapindika pakati pa msongolo. Sikunamveke kuthyoka ayi, kunamveka ngati munthu akuzula phazi m'matope. Luzi linaduka, nsungwi zinamwazika, ndipo tinagwera pansi tonse awiri, ine ndi mkazi wanga. Zimene zinatuluka m'nsanzamo ndi mafinya osakanikirana ndi magazi akuda, ndi mphutsi, zambiri, zonenepa. Pamene panali mphini panali dzenje, ndipo m'dzenjemo munatulukira nsonga ya fupa, yotuwa, ngati fupa limene lakhalitsa kudzala. Amayi ena anathawira kuseri kwa nyumba. Ndiye msoti uja, umene unali utathawa ndi phokosolo, unabwerera pang'onopang'ono, unapendeketsa mutu, ndipo unayamba kutola mphutsizo imodziimodzi pafupi ndi phazi la mkazi wanga. Panalibe amene anauingitsa, chifukwa aliyense ankaopabe kuukhudza.

Woyamba kuyankhula anali sing'anga, ndipo mawu ake sananjenjemere. Anati nonse mwaona kuti nkhuku yayenda, ndiye mankhwala alibe mlandu, pali munthu pakhomo pano amene sanadzisunge. Sanaloze chala, koma maso onse anatembenukira kwa ine. Alamu anandiyandikira nafunsa motsitsa kuti alamu, tsiku lija munachoka ndi njinga munapita kuti? Ndinati kwa bambo omwewa, afunseni. Sing'anga anati anthu amabwera ambiri, sangakumbukire onse. Anapitiriza kuti zinthu zikhoza kukonzeka, apeze nkhuku ina, yakuda, ayambirenso, koma mwamunayu achoke kaye pamudzi. Ndinaona anyamata akuyang'anizana, ndipo wina anali atayamba kale kulowera kukhola la nkhuku. Mantha amene ndinamva pamenepo sanali a kumenyedwa. Ndinadziwa kuti akandichotsa, mwendo uja aumanganso, ndipo ndidzaitanidwa kumaliro.

Tonse tinkayesa kuti wodwala wakomoka, koma anatsegula maso naitana kuti achimwene. Mawu anali apansipansi, moti alamu anachita kugwada kuti amve. Anati achimwene, musiyeni bambo wa anawa, munthu amene wakhala akunditayira zonyansa miyezi yonseyi nthawi yoyenda ndi akazi akanaipeza kuti? Anapuma, kenaka anati nkhuku yachira eti, ipatseni khasu langa ikawokere fodya. Ine mundinyamule mundipititse kwa dokotala uja. Akapope, ngati muli chotsala. Alamu anafuna kuyankha, koma iye anati ndipo mwendowu muugwira ndinu panjira, kuti muziumva.

Alamu anamanga okha ng'ombe pagoli. Anakhala m'ngolo mwendo uja uli pamiyendo pawo mpaka pamsika pamene tinapeza galimoto, ndipo m'galimotomo anaugwirabe mpaka m'tauni, anthu ena atatseka mphuno.

Tinakumana ndi dokotala yemwe uja. Sanatikalipire, mwina zikanakhala bwino akanatero. Anati mafinya alowa m'fupa ndipo ayamba kuononga magazi a thupi lonse, ndipo kuti mayiwa akhale ndi moyo mwendo uyenera kuchoka. Ine ndinafunsa za mafuta a m'chiuno aja, ngati sangayese ngakhale tsopano. Anapukusa mutu nati bambo, mbande zilipo, koma pobzala palibe. Mkazi wanga anavomera yekha, sanayang'ane kwa ine kapena kwa mlongo wake.

Atamaliza ntchito dokotala anatiitana awirife, chifukwa alamu anali atapempha kuti awauze chilichonse chimene achotse m'thupi la mlongo wawo. Anati ankafuna kudula pansi pa bondo kuti bondolo litsale, koma atatsegula anapeza fupa lili lobooka m'kati ngati bango, mafuta onse atasanduka mafinya mpaka kumtunda, choncho anadula pamwamba pa bondo. Alamu anafunsa kuti ndiye mafutawo anapita kuti. Dokotala anati anaolera kunyumba. Alamu anatuluka, ndipo ndinakawapeza atakhala pansi kuseri kwa khoma, nsapato atavula.

M'wodi momwemo munali mayi wina wa cha ku Kasiya amene fupa lake la mwendo linakananso kulumikizana, ndipo dokotala uja anamuchita zija zimene ife tinathawa. Mayiyo anaonetsa mkazi wanga pamene anamubaya, kachipsera kangati njere ya nyemba. Patapita miyezi tinakumana naye pamzere tsiku lokaonetsa bala, akuyenda ndi miyendo yake iwiri, ndodo atangoinyamula m'manja. Mkazi wanga anamufunsa kuti asisi, kodi simunaume? Mayiyo anadzimenya pantchafu nati kuuma kwake kumeneku, madilesi onse andithina. Anaseka onse awiri, koma m'minibasi pobwerera mayi a kunyumba anafunda chitenje kumutu mpaka tinatsika.

Anthu amandifunsa za msoti uja. Unakula, unaikira, unaswa anapiye, koma palibe pamudzipo amene anadyapo dzira lake, ndipo tsiku lina alamu anautenga osatiuza kumene anapita nawo. Za alamu, chaka chilichonse mvula ikayandikira timapeza mizere ya munda wa mlongo wawo ataunga kale. Sitinawapemphepo, ndipo nkhani ija sitinaikambepo. Dzina lija la Fomu Folo anasiya, amangoti alamu.

Chimene ndimakhulupirira lero ndi ichi. Sindinena kuti sing'anga uja sanaonepo munthu akuchira pakhomo pake, anachira ambiri. Koma ndikuganiza kuti amene amalumikiza fupa si iye, ngakhalenso dokotala, ndi zija Mulungu anaika m'kati mwa fupa lomwelo, ndipo ntchito ya munthu ndi kuliwongola, kulisunga laukhondo, ndi kulithandiza pamene lalephera. Nkhuku yaing'ono, ya fupa lothyoka kumene, ikanachira ngakhale popanda mankhwala. Mayi wa ana, wa fupa limene linakana miyezi yambiri, ndi nkhani ina. Nkhukuyo sinkadziwa kanthu za mkazi wanga, ife ndi amene tinaipatsa udindo wotiuza mmene munthu akupezera, pamene munthuyo anali pomwepo akutiuza ndi pakamwa pake. Za anamapopa sindikudziwa, sindinamuonepo ndi mmodzi yemwe.

Mayi a kunyumba ali ndi mwendo wochita kupanga umene amavala popita kutchalitchi, koma pakhomo amakonda ndodo. Fodya amasankha atakhala pansi, ndipo palibe amene amawaposa. Kukazizira amati zala za phazi lija zikuyabwa, ndipo ndimawaona akufuna kukanda pamene palibe kanthu.

Choncho anzanga, makamaka inu amene mukukhala pamudzi wa eni, mwambo ndimaulemekeza ndipo ndikukhalabe chikamwini mpaka lero. Koma fupa likakana, bwererani kwa amene angalione m'kati, ndipo zimene simunamvetse mufunse pomwepo mwini mbumba ali nanu, asachite kumva kwa inu. Wodwala akanena kuti m'katimu muli chinthu, mumvereni iyeyo. Ndipo bala lomangidwa likayamba kununkha, masulani tsiku lomwelo. Za kuti munthuyo mwini wake ndani mudzakambirana ali ndi miyendo yake.